Mtsamiro wa Thonje Loyera

Agogo anga aamuna, a Lufeyo, sankanunkha fodya ngati agogo a anzanga. Iwo ankamveka fungo la mankhwala opopera thonje, fungo lowawa lija lofika mpaka kukhosi, lomwe linkakanirira m'jekete lawo ngakhale nditalichapa kangati. Ndikalimva lero podutsa pasitolo ya zaulimi pa Golomoti, ndimaona khonde lathu mwezi wa Juni, mphepo ya mwera ikuulutsa timaulusi toyera n'kutimata paudzu wa denga, m'tsitsi mwanga, ngakhale m'ndiwo, agogo atatambalala pamphasa, mulu wa thonje uli pakati pa miyendo yawo.

Ndinakulira kwa iwo. Mayi anamwalira ndili Sitandade 2, agogo aakazi anali atatsogola kale, ndipo bambo sindiwadziwa, sindifunanso kuwadziwa. Pakhomo tinali awiri. Ankanditcha akazi awo, monga agogo amasewerera ndi mdzukulu, ndipo ndikapsereza ndiwo ankaopseza kuti akwatira wina.

Kwathu ndalama imabwera kamodzi pachaka. Amene ali ndi munda ku Bwanje amadikira mpunga, ife a kouma tinkadikira thonje. Sopo, mchere, mankhwala a malungo, yunifolomu, zonse zinkamera m'munda umodzi womwewo. Chaka chomwe ndikunenachi ndinali kumapeto kwa Folomu 1, ndipo fizi ya Folomu 2 inali pakhonde pomwepo, pamphasa.

Agogo ankasankha thonje. Loyera mbee kumanja, lothimbirira ndi lobooledwa ndi tizilombo kumanzere, timasamba touma ndi tizitsotso m'mbale yakale yodooka. Ankatola kamodzikamodzi, kukatembenuza, kukauzira, milomo ikung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Anaphunzira zimenezi kale, wogula akadali mmodzi, loyera lili ndi mtengo wake, lakuda wakenso. Koma nthawi imeneyo inali itapita. Ogula a masiku athu ankapachika sikelo panthambi ya mlambe wa kumsewu, n'kumagula chilichonse pamtengo umodzi, bola chilemere. Malole akadzaza, ankapita.

A Nachisale, oyandikana nafe, ankathyola m'mawa, kupondera m'chiguduli masana, n'kukagulitsa dzuwa lisanalowe. Tsiku lina anaima pampanda wathu manja ali m'chiuno.

"Achimwene, mukusankha thonje ngati mpunga wa paukwati? Anyamata a sikelo aja m'thumba sasuzumiramo n'komwe. Tengani mwanayu mukagulitse."

"Anyamatawo sasuzumira, koma kumene likupitako aliko wosuzumira," anatero agogo osadzutsa mutu. "Akatsegula thumba kunjako, adziwe kuti kuno kuli anthu, osati nkhuku zofukula."

"Kunjako amakudziwani inu? Anakutumiziranipo moni?"

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Akazi anga, bweretsani lichero lina. Musawamvere a Nachisale, ndi nsanje imeneyi, ndinawakana tili achinyamata."

Ine sindinaseke. A Nachisale atachoka ndinawauza mosapsatira.

"Agogo, sikelo ikachoka, sukulu yanga yachokanso."

"Sikelo ichoka bwanji thonje labwino lisanafike?"

Sankanena zocheza. Ankakhulupirira ndithu kuti kwinakwake, kutsidya la nyanja zomwe sanazionepo, kuli munthu amene amadikira thumba la a Lufeyo. Ndiye tinasankha. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala nawo pamphasa, mtima ukupsa, zala zikuyabwa, ndikumva ngolo za anthu zikudutsa kuseri kwa mpanda kulowera kumsewu. Tinasankha mpaka mwera unaleka, dzuwa linayamba kuluma.

Tsiku lopita kumsika agogo anameta ndevu, anavala jekete lija, anachita hayala ngolo ya mnyamata wina wa m'mudzi. Ziguduli za loyera anaziika kutsogolo, za lakuda kumbuyo, kuti zisasokonezeke. Njira yonse ankapereka moni kwa aliyense ngati tikupita kuchinkhoswe.

Pamlambe tinapeza chingwe chokha chikulendewera panthambi, pomwe pankakhala sikelo, mbuzi zikununkhiza timaulusi totsala m'fumbi. Mayi wogulitsa zitumbuwa pamenepo anati ogula ananyamuka sabata yatha, akuti mtengo wagwa kunja, chaka chino sabweranso.

Agogo anayang'ana chingwecho nthawi yaitali. Anachigwira, kuchikoka pang'ono ngati akuyesa kulimba kwake. Kenako anauza mnyamata uja kuti atembenuze ng'ombe.

Amene anadzagula anali venda wina wa kagalimoto kakutha, pamtengo womwe sindifuna kuutchula. Sanamasule chiguduli ngakhale chimodzi. Loyera ndi lakuda anaponya pamodzi, n'kukhalapo pamwamba akutafuna nzimbe. Ndalamayo inathera kwa mwini ngolo ndi chimanga chotifikitsa nthawi ya mvula. Thumba limodzi la loyera agogo anakana nalo, analikokera kuchipinda.

Sukulu zitatsegulidwa, m'mawa ndinkakhala kuseri kwa nyumba kuti anzanga odutsa ndi mayunifolomu asandione. Agogo anabwereranso pamphasa yawo, ulendo uno akuchotsa njere m'thonje lija ndi zikhadabo, imodziimodzi. Sindinawathandize. Sindinkawalankhulanso. Ndinkangowaikira chakudya n'kuchokapo.

M'mawa wina anandiitana. M'manja anali ndi mtsamiro wosoka ndi chitenje chakale cha mayi anga, wonenepa, wofewa kuposa chilichonse m'nyumba mwathu.

"Esinati," anatero. Sanati akazi anga. "Loyera lija ndi ili. Mulibe kachitsotso."

"Ndiye ndikalipire fizi ndi pilo?"

Anauika pamphasa, kuusisita kawiri ngati akugoneka mwana, n'kutenga khasu kupita kumunda kukazula mapesi a thonje.

Chaka chotsatira mvula inadula, thonje lili m'mawondo. Kusukulu sindinabwererenso. Agogo anamwalira akulimabe thonje, akusankhabe.

Lero ndimagulitsa kaunjika pamsika wa Golomoti. Belo la zovalalo si langa, ndi la mayi wina wa ku Salima, ine ndimangokuwa mitengo. Folomu 1 yanga imandikwanira kuwerenga kansalu ka pakhosi pa malaya, pomwe amalemba m'Chingerezi kuti ndi thonje lenileni, ndi dzina la dziko lakutali. Thonje limachoka kuno pa lole, limabwerera lili ndi thukuta la munthu wina m'khwapa, ife n'kuligulanso. Pa wailesi akamanena kuti dziko lathu limadalira ulimi, ine ndimaona chingwe chija chikulendewera panthambi.

Agogo sindinawakhululukire, ndisaname. Koma belo likangodulidwa, manja anga amayamba okha, zabwino kumanja, zong'ambika ndi zothimbirira kumanzere, abwana akukalipa kuti ndikuchedwa, ogula apita kwa ena. Ndimawamva, koma manja saleka.

Mtsamiro uja ndikadali nawo. Unaphwa, unada, maluwa a chitenje cha mayi anasuluka. Chaka chatha unang'ambika pakona, ndipo ndisanausoke ndinasuzumiramo. M'kati mukadali mbee, mopanda kachitsotso ngakhale kamodzi. Pamenepo ndi pomwe ndimatsamiritsa mutu ndikaweruka, pa Folomu 2 yanga.