Nsomba Zotchedwa Sopo

Mlamu wanga Jacinta wachapa zovala pa loji ina ya ku Chinzombo kwa zaka khumi ndi zisanu. Akangoona nsalu zapabedi amadziwa mlendo amene wagona bwino ndi amene mantha a njovu amutsegula m'mimba. Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, koma akafuna chinthu amakakamira ngati nkhupakupa.

Chimene ankafuna chinali chimodzi: mwamuna wake Mateyo, amene ndi mkulu wanga, asiye kusodza mu Luangwa. Ng'ona inatilanda mng'ono wathu Cosmas akukoka ukonde, ndipo tinaika m'manda zochepa zimene zinapezeka. Sabata ziwiri zisanathe, Mateyo anali atabwerera kale m'bwato. Jacinta analira, anakalipa, anakamunenera kwa abusa, mpaka anabisa nkhafi. Mateyo anangosema ina.

Kuseri kwa loji madzi ochapira ndi akukhitchini ankangotayika, opindula nawo n'kukhala anyani ndi udzudzu. Jacinta anapempha madziwo kwa bwana wake kuti aziwetamo nsomba. Bwanayo, poona kuti apeza choonetsa alendo, anavomera, nawonjezerapo pampu ndi sola yakale. Mlangizi wa zansomba anamuonetsa kakumbidwe ka maenje atatu: la miyala, la mchenga ndi makala, ndi lobzalamo bango. Madzi akadutsa monsemo ankatuluka oyera, pampu n'kuwakankhira m'dziwe dzuwa likangowala. Tiana ta nsomba Jacinta anakatitenga ku Chipata m'pepala lapulasitiki, atatifungatira pamiyendo m'minibasi ulendo wonse.

Mudzi wonse unaseka, ndipo wotsogolera nyimboyo ndinali ine. Nsombazo ndinazitcha Sopo, ndikumauza anthu kuti wozidya azigeya thovu. Mateyo sanafune n'kuziona komwe. Ankati nsomba yodya gaga ngati nkhuku si nsomba, ndipo mwamuna wandevu sangasodze m'beseni. Njovu zinathyola paipi kawiri, ng'azi zinadyako gawo lawo, koma Jacinta ankangolumikiza paipi n'kupita kukasita.

Itakwana miyezi isanu ndi iwiri, nsomba zinakula. Jacinta sanapemphe mwamuna wake kuti amuthandize kukolola. Loweruka m'mawa anangotenga ukonde wa Mateyo, watsopano uja amaukonda kuposa ife abale ake, naitana mnzake Millicent, amene m'moyo wake wonse sanagwirepo ukonde. Analowa m'dziwe pa nthawi yeniyeni imene Mateyo amadutsa pamenepo popita kumtsinje. Ine ndinali pomwepo, kudikira choseka.

Ukondewo anaugwira chadodolido, zoyandamitsa pansi, miyala m'mwamba. Nsomba zinkangodutsa mwaulemu. Komatu Jacinta ndi mwana wa msodzi, ukonde anaudziwa asanadziwe sukulu.

Mateyo anaima, nkhafi ili paphewa.

"Mwauka bwanji, atate ake Clinton?" anatero Jacinta. "Pitani, mwachedwa, yakwana kale seven."

"Imwe, ukonde uwo ni wanga!"

"Tibweza tikasiliza, osada nkhawa."

Mateyo anayenda mapazi atatu, n'kucheuka. Millicent anali atadzikulunga mu ukonde mpaka m'chiuno, akukuwa kuti chinachake chamugunda mwendo.

"Amai imwe, miyala pansi! Pansi! Mufuna kuning'ambira ukonde?"

"Pansi pati?" anafunsa Jacinta, nkhope ili yozizira ngati ali m'tchalitchi.

Apo m'pamene mkulu wanga analephera kupirira. Anaponya nkhafi paudzu, anavula malaya, nalumphira m'beseni muja. Anawathamangitsa azimayiwo, n'kundiitana ine kuti ndigwire mbali inayo. Ndinalowa, nanga ndikanatani, mkulu akalamula? Pofika teni koloko ndowa zinayi zinali zitadzaza. Nthawi yonseyi pakamwa pake sipanapume: nsombazo n'zopusa, sizidziwa kuthawa, zanenepa ngati ana a mabwana. Koma iliyonse ankayamba waiyeza m'dzanja asanaiponye m'ndowa.

"Nanga anakumba dziwe lopendekera chonchi ni ndani?" anakalipa. "Dziwe lachiwiri nizakumba nekha, muone mmene amakumbira anthu."

Ndinatuluka m'madzi kuti ndikamuseke mlamu wanga chifukwa cha bodza lake la ukonde. Sindinamuone pagulu la anthu amene anali atayamba kale kufunsa mtengo. Ndinakamupeza kuseri kwa bango, atakhala pansi, atafulatira dziwe, chitenje chili chonyowa, misozi ikungotsika. Kumbuyo kwathu Mateyo ankamvekabe akuvundula madzi ndi kutukwana nsomba.

"Mlamu, n'chiyani? Si mwapambana?"

Anapukuta kumaso ndi dzanja lake lotuwa ndi sopo.

"Alamu, chikwatiwire, bambo aja akakhala m'madzi ine sinipuma," anatero. "Lero ali m'madzi, ndipo nikupuma."

Ndinangokhala naye pansi pomwepo.