Ndinamva za Ukwati, Iye Ankanena za Fomu

Kabuku ka ku ofesi ya msonkho kamanena mosapita m'mbali: anthu awiri akalembetsa bizinesi ngati mapatinala, palibe bwana, palibe wantchito. Onse ndi eni ake.

Anzanga, khalani pansi.

Ndinakumana ndi mnyamata wina pamzere ku banki. Iye anali ndi inki m'zikhadabo, ine ndinali ndi cholembera. Anabwereka, sanabweze. Ndikanazindikira pomwepo.

Ankasindikiza makadi aukwati ndi malaya m'kachipinda kotentha kuseri kwa sitolo ya nsapato. Patatha miyezi isanu anandigwira dzanja.

"Bebi, ndikufuna ukhale patinala wanga."

Ine ndinamva za ukwati. Iye ankanena za fomu! Ndinasaina ndikumwetulira, theka kwa theka, ndipo ndalama zonse zimene ndinasunga zinapita ku makina atsopano.

Mwezi ukatha ankandipatsa envulopu. "Salale yanu iyi, madamu." Inali yopyapyala, koma ndinkati tikumanga banja.

Chaka chitatha kunabwera kalata ya msonkho, dzina langa pamwamba. Ndinawerenga kawiri ndalama zimene ankafuna. Ndinathamangira ku ofesi kuja.

"Mayi, pali cholakwika. Ine ndimangolandira kasalale."

Mayi wa pawindo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, patinala salandira salale. Za mu envulopuzo n'kutapa chabe pa gawo lako. Ife timadula msonkho pa theka la phindu lonse, kaya unalitenga, kaya sunalione n'komwe."

"Nanga phindulo lili kuti?"

"Kafunse bambo akunyumbawo."

"Sitinakwatirane..."

"Kwa ife kuno munakwatirana kale."

Ndinamupeza panja pa shopu akupukuta galimoto yatsopano.

"Theka langa lili kuti?"

"Si ili ukuliyang'anali? Galimotoyi ndi yathu tonse, bebi. Vuto ndi loti sudziwa kuyendetsa."

Ndinasuzumira mkati. Mpando wa pambali pa dalaivala unali utakankhidwira kumbuyo, muyeso wa miyendo yaitali kuposa yanga. Pansi panali ndolo imodzi. Ine makutu sindinaboole.

"Ndikuchoka."

"Choka. Pangano likuti zaka zisanu. Ukatuluka msanga, makina atsala pano. Koma msonkhowo ukutsatira, dzina ndi lako."

Anatero akupukutabe galasi.

Chikondi chinathera pamenepo, bizinesi ayi. Ndimakhalabe pa tebulo lomwelo, ndikudula makadi a maukwati a anthu ena. Ngongole ya msonkho ndikubweza pang'onopang'ono kuchokera m'kasalale komweko. Ndikalimbikira ntchito phindu limakwera, msonkho wanga n'kukweranso. Ndikachita ulesi, makina anga ndi amene amachita dzimbiri.

Anzanga, mwamuna akati "patinala", mufunseni kuti wa chiyani, cholembera chisanatuluke m'chikwama.

Kwatsala zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Dzulo ndinachedwa ndi mphindi makumi awiri chifukwa cha mvula. Wandidula ndalama za tsiku lonse.