Dzina Ndinalibisa, Koma Mawu Anali Ake

Dzulo ndinatumiza kalata ku yunivesite, yodzinenera ndekha kuti ndinaswa lamulo losunga chinsinsi pa kafukufuku wanga.

Anzanga, mwakhala mukufunsa chifukwa chimene ndinachotsera pano zithunzi za ine ndi Cyprian. Nkhani yake ndi iyi. Mayina ndasintha, ngakhale kuno ku Likoma palibe amene sakuidziwa.

Ndinabwera mu Meyi kudzachita kafukufuku wa PhD yanga, wofuna kumva mmene amayi amasankhira njira zolera. Mabuku a kafunsidwe ndinali nditawerenga ambiri. Funso lisamuuze munthu yankho. Akayankha, khala chete, awonjezera yekha. Zonsezi ndinaloweza.

Interview yanga yoyamba inatha m'mphindi zisanu ndi ziwiri. Mayi wina wa pamsika wa Chipyela anangoti "eya", "ayi", "kaya", n'kubwerera ku tomato wake.

Chapafupi panaima mwamuna wa manja a oyilo, akuseka.

"Asisi, ndinu apolisi?"

"Ayi, ndikuchita kafukufuku."

"Pepala m'manja, moni wothamanga... Ngakhale ine ndikanakana dzina langa lomwe!"

Ameneyo anali Cyprian, makaniko wa mainjini a maboti, kwawo ku Khuyu.

"Pepalalo libiseni," anatero. "Mukapeza mayi akusenda chinangwa, pemphani mpeni. Funso loyamba lidikire mpaka dengu lifike pakati."

Ndinayesa. Interview yachiwiri inatenga ola ndi theka. Ine sindikhulupirira chinthu popanda umboni, ndipo umboni unali mu rekoda.

Anayamba kundiperekeza wapansi mpaka ku Mbungo. Tikafika pakhomo la munthu, iye ankakakhala patali pansi pa mlambe. "Zimenezo n'za amayi," ankatero. Zimenezinso ndinaziwerengera ngati umboni: munthu uyu amalemekeza chinsinsi.

Tsiku lina tikubwerera anati, "Triza, iwe umafunsa anthu onse. Nanga iweyo amakufunsa ndani?"

Ndinayankha kuti palibe. Iye anangokhala chete, ndendende mmene amanenera mabuku anga aja. Ndinawonjezera ndekha, anzanga. Ndinamuuza zimene sindinauzepo munthu. Pofika mu Julayi, anthu a pamsika ankangonditchula kuti "alamu".

Kenako ndinacheza ndi mayi amene m'mafayilo anga ndi Nambala 9.

Ndisanayatse rekoda anandigwira mkono. "Zimenezi amva ndani?"

"Ine ndekha, mayi. Dzina lanu silidzalembedwa paliponse."

Tinasayina tonse awiri pepala lolonjeza zimenezi. Anandiuza kuti pobereka mwana wachisanu anatsala pang'ono kumwalira, koma bambo akunyumba akufunabe wina. Atafika pamenepo anatsitsa mawu, n'kuyankhula mothamanga m'Chinyanja cha kuno, chimene ine wa ku Dedza chimandipita nthawi zina.

Pokhala pansi kuti ndilembe zimene ananena, chiganizo chimodzi chinandikanika. Ndinachibwereza kakhumi. Loweruka masana Cyprian anabwera ndi usipa wokazinga, n'kundipeza nditagwira mutu.

"Bweretsa ndimve, ndikumasulira."

Ndinaganiza mofatsa. Fayiloyo inalibe dzina, inali ndi nambala chabe. Masekondi makumi awiri okha. Ndinamupatsa ma earphone.

Nkhope yake sinasinthe. "Akuti jakisoni wolera amabayitsa tsiku lopita ndi mwana ku sikelo, kuti bambo asadziwe," anatero. Ndinamuthokoza. Tinadya usipa uja.

Mabuku amanena momveka kuti mawu a munthu amamuulula ngati dzina lake lomwe, makamaka pamalo poti anthu onse amadziwana. Tsamba limenelo ndinaliwerenga. Ndinangoganiza kuti silikunena za munthu amene ndimamukonda.

Patatha sabata ndinakumana ndi Nambala 9 panjira ya ku Mbungo, mtolo wa zovala pamutu, mwana kumsana. Mwamuna wawo anali atamva za jakisoni uja n'kuwabweza kwa amayi awo ku Mbungoko. Ndinawapatsa moni.

"Munati inu nokha," anatero, n'kupitirira.

Cyprian ndinamupeza kugombe m'mawa mwake, ataweramira injini.

"Unawadziwa mawu aja?"

"Ndi alamu anga. Akazi a achimwene anga."

"Ndiye unakawauza achimwene akowo?"

"Triza, amene aja ndi magazi anga. Ndizidya nawo mbale imodzi ndikudziwa kuti akuwanamiza?"

"Mayi aja anatsala pang'ono kufa, Cyprian!"

"Zimenezo akambirana okha m'banja."

"Chinali chinsinsi..."

Anapukuta manja pang'onopang'ono. "Ine sindinasayine pepala lililonse. Unasayina ndiwe."

Ndayesa kupeza bodza m'mawu amenewo, masiku anayi tsopano. Mulibe.

Usiku ndi usana Cyprian akutumiza mauthenga. "Sorry babe, usatenge nkhani ya anthu ena n'kuilowetsa pakati pathu." Sindikuyankha. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndimamusowabe, ndipo zimenezo sizikugwirizana ndi umboni uliwonse umene ndili nawo.

Amayi atatu amene anavomera kucheza nane sabata ino akana. Wina, nditapempha mpeni, anakokera dengu la chinangwa kumbuyo kwake. Ndinapita ku Mbungo kukapepesa. Ndinakhala pakhonde ola lathunthu. Mayi aja sanatuluke, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Amene amandiyang'anira pa kafukufukuyu ayankha m'mawa uno: ndisafunsenso munthu aliyense, ndibwerere. Komiti ya yunivesite yoona za malamulo a kafukufuku ikhala Lachinayi likudzali, ndipo n'kutheka kuti ilamula kuti zonse zimene ndajambula m'miyezi isanuyi zifufutidwe.

Zimenezo zikhoza kufufutika. Zimene anamva achimwene ake a Cyprian palibe komiti ingazifufute.

Sitima ikubwera Loweruka, ndikwera. Ankhoswe a banja la mayi aja akumana Lamlungu akatuluka m'tchalitchi.