Chaka Chomwe Tinasiya Zinyalala pa Nkando

Ntchito yodulitsa matikiti pamsika wa Nkando anandipezera ndi alamu anga, akulu awo a amuna anga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa eni akewo sankalola kuti ndiziiwale. Ankagwira ku khonsolo, ku Boma, mu ofesi yoona za antchito, ndipo tsiku lomwe anandibweretsera kalata ndinawaphera tambala yemwe ndinkasungira Khirisimasi.

Pamsikapo tinalipo magulu awiri, ife a matikiti ndi anzathu osesa. Ife tinkangotukwanidwa ndi mavenda, koma osesa ankaona zakuda. Makoko a zinanazi, tomato woola, mamba a nsomba ndi mabotolo osweka ankazitola ndi manja. Kuzimbudzi ankalowako atavala mapatapata. Ambiri a iwo anali aganyu, ngakhale ena anasesa msikawo zaka zochuluka kuposa mwana wanga woyamba. Ndiye kwacha inagwa, sopo ndi mchere zinakwera, malipiro athu ali pomwepo ngati chitsa.

Matipate atabwera pakamwa panamasuka, ndipo nafe tinakhazikitsa yuniyoni. Wapampando tinasankha dalaivala wa thirakitala yonyamula zinyalala, bambo wa mawu aakulu, woti akayankhula pa shedi ya nsomba ankamveka mpaka kumsewu. Tinkangowatchula kuti atcheya. Ine anandiika kukhala mlembi chifukwa ndinafika folomu thu ndipo Chizungu ndinkachimva. Osesa anasankha madala ena ake, aakulu pa onse, omwe anathawa nkhondo ku Mozambique n'kudzakwatira kufupi ndi Nkando. Chichewa chawo chinkatuluka chitavala Chilomwe, ndipo sankayankhula kawirikawiri.

Atatufe ndi amene tinapita ku Boma kukakambirana. Anatiuza kuti tifike naini koloko. Kunali chiperoni, phiri silimaoneka n'komwe, ndipo tinakhala pakhonde tikunjenjemera mpaka dzuwa litafika pamutu. Atatilowetsa tinapeza mabwana atatu atakhala patebulo lalitali, aliyense ndi kapu ya tiyi wamkaka. Ifeyo anatiikira benchi kukhoma. Pakati pa mabwanawo panali alamu anga. Sanandipatse moni. Anangoyang'ana nsapato zanga zamatope, n'kuyamba kuyankhula Chizungu.

Atcheya anawadula. "Bwana, tonse muno tinayamwa Chichewa. Tiyeni tiyankhule choti aliyense amve."

"Muli ndi mlembi wophunzira," anatero alamu anga. "Azikutanthauzirani. Si ndiye ntchito yomwe mwamupatsa?"

Choncho ndinakhala pakati ngati mlatho, mawu oipa onse akudutsa pakamwa panga. Tinapempha zinthu zitatu: atikwezere malipiro, osesa awapatse majombo ndi magolovesi, ndipo aganyu okhalitsa awalembe ntchito yokhazikika. Alamu anga anayankha kuti ndalama kulibe, ndipo wosakhutira atha kusiya, panja pali anthu ambiri ofuna tsache.

"Nanga galimoto yatsopano ili panjayo mwagula ndi masamba a nandolo?" anafunsa atcheya.

Bwana wina anamenya tebulo, tiyi n'kutayikira m'sosala. Mkangano uli mkati, madala aja anaimirira mwakachetechete, n'kuvula patapata lawo, n'kukweza phazi pamphepete pa tebulo. Pansi pa phazilo panali bala lalitali lomwe botolo linawacheka, lotupa, lotuluka mafinya.

"Onani, bwana," anatero. "Ili ndi la msika wanu."

Alamu anga anaiwala Chizungu. "Chotsani chiphazi chanucho! Muno si kwanu kutchire kuja!"

Madala anatsitsa phazi, osafulumira. Kenaka alamu anga anadzikonza tayi, n'kunena mofatsa kuti khonsolo singakambirane ndi anthu osawadziwa. Tibweretse mndandanda wa mamembala onse, dzina, ntchito ndi kwawo komwe anabadwira, ndipo zikatero adzatiitananso.

Mndandandawo ndinalemba ndine, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, anthu atafola pamzere. Ndinkanyadira kalembedwe kanga. Madala atafika ndinawafunsa kwawo.

"Ku Milanje, mwanangu, kutsidya."

Ndinalemba momwemo, ndipo ena anayi ananenanso za kutsidya. Mutu wanga unali pa malipiro, sindinaganize china chilichonse. Pepalalo ndinakalipereka ndekha.

Panapita mwezi osatiitana. Tinalemba kalata, zii. Tinalembanso ina, anatiuza kuti bwana ali ku semina. Mvula yoyamba itagwa tinagwirizana zonyanyala ntchito. Atcheya anaimika thirakitala pachipata cha msika n'kuika kiyi m'thumba, matsache tinawaunjika pamodzi, ine ndinatsekera mabuku a matikiti mu ofesi.

Masiku awiri oyamba mavenda ankatiimbira m'manja, pakuti panalibe wowalipiritsa. Pofika tsiku lachisanu nyimbo inasintha. Mulu wa zinyalala unafika m'chiuno, mvula ikuunyowetsa, dzuwa likuuphika. Ntchentche zinkachita kuphimba nsomba pamabenchi. Okwera minibasi ankatseka mawindo akafika pasiteji. Anthu anayamba kunong'onezana za kolera.

Mayi wina wogulitsa usipa, yemwe kwa zaka ndinkamulola kulipira madzulo akagulitsa, anandipeza nditakhala ndi anzanga pachipata.

"Inu mayi a matikiti, ana anga adya chiyani? Kasitomala akubwerera pamsewu chifukwa cha fungo lanuli!"

"Kafunseni ku Boma," ndinamuyankha.

"Ku Boma kuli alamu ako! Mukamakangana pachibale tivutike ndife?"

Anatenga beseni la madzi otsukira nsomba n'kundikhuthulira pachifuwa. Anthu anaseka. Ndinayenda ulendo wonse wa kunyumba agalu akundinunkhiza, ndipo chitenje chimenecho sindinachivalenso.

Lamulungu lotsatira, titangobwera kutchalitchi, alamu anga anatulukira pakhomo. Ndinawayalira mpando, ndinagwada kuwapatsa moni. Anandidumpha ngati palibe munthu, n'kuyankhula ndi amuna anga, omwe ankagwira ukapitawo kuesiteti ya tiyi.

"Mphwanga, m'nyumba muno mwamuna ndani? Ndinatola mkazi wako akugulitsa zitumbuwa, ndamuika pantchito ya boma, lero akundichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu anga. Ukudziwa zomwe akundinena ku ofesi? Akuti ndinalera njoka."

"Alamu," ndinatero, ndikadali chogwada, "ine ntchito ndinathokoza, ndipo ndikuthokozabe. Koma phazi lija munaliona."

"Sindikuyankhula ndi inu."

"Mukuyankhula za ine, pakhomo pa amayi anga."

Anaimirira, mpando n'kugwa chagada. Ananena kuti kuyambira tsiku limenelo ana athu asadzapondenso kwawo, ndipo anachoka osatsanzika. Amuna anga anadzutsa mpando uja. Kenaka anati, "Simukanangokhala chete kodi? Ndi akulu anga aja." Sabata imeneyo tinkadya osayang'anana.

Sitalaka itakwana masabata awiri anatiitana. Ine ndi madala tinadikira atcheya pasiteji mpaka minibasi zitatu zinadutsa, kenaka tinangonyamuka. Titafika ku Boma sanatidikiritse pakhonde. Tinalowa, n'kupeza atcheya ali kale m'katimo, atakhala patebulo pamodzi ndi mabwana, kapu ya tiyi ili m'manja. Anatiyang'ana pang'ono n'kuthawitsa maso.

"Ndinalawira kuti ndiyambe kusalaza njira," anatero.

Pepala linali lotayipa kale. Alamu anga anandikankhira kuti ndiwerenge. Malipiro anakweza, koma pang'ono, moti ndalama zoonjezerazo sizikanagula n'thumba la chimanga lomwe. Majombo analonjeza. Ndime yachitatu inkati aganyu adzalembedwa ntchito yokhazikika, kupatula omwe si nzika za dziko lino, ndipo amenewo ganyu yawo yatha kuyambira tsiku lomwelo. Pansi pake panali mayina asanu. Kumbuyo anamatako mndandanda wanga uja, mayina asanuwo atawazunguliza ndi cholembera chofiira.

Ndinawerenga kawiri.

"Akuti chiyani, mwanangu?" anafunsa madala.

Ndinayang'ana atcheya kuti mwina anena ndiwo. Iwo ankatakasa tiyi.

"Tanthauzirani, mlembi," anatero alamu anga.

Ndinawauza madala zonse, mawu ndi mawu. Anamvetsera mutu uli pansi. Kenaka anatambasula dzanja, ndinawapatsa pepalalo, ngakhale sankadziwa kuwerenga. Analoza pomwe panali pofiira.

"Apa ndi ine?"

"Ndi inu."

"Analemba ndani kuti kwathu n'kutsidya?"

"Ndinalemba ndine."

"Ndinakuuzani chifukwa munandifunsa ngati mwana wanga," anatero. Anatembenukira kwa mabwana. "Ana anga anabadwira kuno. Mkazi wanga ndinamuika m'manda a kuno. Pomwe ndinkatola manyi a anthu pamsika paja simunandifunse kwathu."

"Ndi lamulo, madala," anatero alamu anga. "Sindinalipange ndine."

"Lamulo limeneli mwalikumbukira lero?" ndinakuwa. "Zaka zonsezi linali kuti? Alamu, mulibe manyazi? Agogo anu inuyo anachokera kuti? Si kutsidya komweko?"

Nkhope yawo inachita mdima. Bwana wamkulu anati ndikapitiriza aitana apolisi. Ndinakana kusaina. Anandiuza kuti dzanja la wapampando ndi lokwanira, ndipo atcheya anasaina ine ndikuona, ndi cholembera chobwereka kwa alamu anga.

Panja ndinawagwira malaya atcheya aja. "Akupatsani chiyani?"

"Mayi, ndisiyeni. Anthu atopa, m'nyumba mulibe ufa. Mukufuna anthu onse afe chifukwa cha asanu? Ndipo pepala lija sindinalembe ndine."

Mawu omalizawo anandilasa, chifukwa anali oona.

Madzulo ake atcheya anasonkhanitsa antchito pachipata cha msika, anakwera pathirakitala n'kulengeza kuti tapambana. Anthu analulutira. Za asanu aja anangozidutsa mwamsangamsanga, ngati munthu wodumpha chithaphwi. Ndinakwera pa wilibala kuti ndifotokoze bwino, koma sindinathe ngakhale mawu khumi.

"Tsika iwe! Ndiwe unawagulitsa!"

"Wachibale wa bwana! Unapereka mayina dala!"

Anali anthu omwewo amene ndinali nawo pachipata tsiku lomwe ndinathiridwa madzi a nsomba. Ndinatsika. Madala anali ataima patali, pafupi ndi mulu wa matsache. Anasankhapo lawo, lomwe anadzimangira okha ndi waya, analiika paphewa n'kumapita. Ndinawathamangira, ndinawaitana, ndinapepesa. Sanatembenuke.

M'mawa mwake zinyalala zinayamba kuchoka. Majombo anabwera mvula itatha. Mwezi usanathe chithereni sitalaka, atcheya anawakweza kukhala oyang'anira osesa m'misika yonse ya chigawo chathu, ndipo ine ndinalandira kalata yondisamutsira ku kamsika kena kuseri kwa phiri, komwe minibasi inkafika kamodzi patsiku. Inasainidwa ndi alamu anga. Ndinapirira chaka chimodzi, ndikubwera kunyumba Loweruka lokha, kenaka ndinasiya ntchito n'kuyamba kuoda zinanazi.

Madala ndinawafunafuna. Kawiri konse ndinapita kumudzi kwawo nditanyamula shuga, ndipo kawiri konse mwana wawo wamkazi anandiuza pakhomo kuti achokapo, ine ndikumva kutsokomola m'nyumba. Ulendo wachitatu anandiuza mosabisa kuti bambo ake safuna kundiona, ndisavutikenso. Ndinamva pambuyo pake kuti ankaphwanya miyala m'mbali mwa msewu mpaka pomwe maso anasiya kuona.

Ndi alamu anga tinakhala zaka zisanu ndi ziwiri osayankhulana. Amuna anga ankapita okha kukawaona, ndipo akabwerako sindinkafunsa. Tinadzakumana pamaliro a apongozi anga. Alamuwo anali atapuma ntchito, tsitsi layera, jekete ikuwakulira. Anthu atabwera kumanda, ine ndinali m'gulu la amayi osambitsa anthu m'manja, ndipo mzere wanga unandifikitsa pomwe anakhala. Ndinagwada ndi beseni. Anasamba pang'onopang'ono, kenaka anayankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Alamu, zija zinali za ntchito."

Ndinadikira kuti mwina awonjezera kena. Sanawonjezere.

"Eya," ndinatero. "Za ntchito."

Ndinadzuka ndi beseni langa n'kupita kwa munthu wotsatira.