Jekete la Apongozi

Tinanyamuka ku Sanjala, dera lathu la mumzinda wa Lichinga, hafu faifi m'mawa, mwezi wa Okutobala, mphepo ya ku Lichinga ikulasa m'makutu monga mwa nthawi zonse. Ulendowu unali wa anthu atatu, koma mwamuna wanga anaitanidwa kuntchito mwadzidzidzi. Tinatsala awiri, ine ndi apongozi anga aamuna, munthu wamkulu amene chikwatiwireni ndinali ndisanamuyang'anepo m'maso.

Iwo ankafuna kukaona phanga lina la kumunsi, kumene anthu akalekale anajambula zithunzi zofiira pamwala. Anagonamo kamodzi pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo ankati asanafe akaone masana zimene anangoziona ndi muuni. Anavala ngati akupita ku Misa: malaya, juzi, taye ndi jekete lakuda laubweya. Ine ndinanyamula buledi, mbatatesi yophika ndi fulasiki ya tiyi wotentha. Madzi ayi. Munthu wa ku Lichinga akamakonzekera ulendo amaopa kuzizira basi.

Shapa, minibasi ya ku Mandimba, inatidya mametikali mazana awiri aliyense. Tinapanikizana ndi matumba a nyemba, ndipo msewu ukamatsetsereka anthu ankavula majuzi mmodzimmodzi. Apongozi anangokhala chivalire. Titadutsa Massangulo, cha m'ma naini, tinatsika pamphambano ina n'kukwera njinga zamoto ziwiri. Mmodzi mwa oyendetsawo, Saide, anavomera kutiperekeza mpaka kuphanga.

Kumeneko kunali chipululu chenicheni. Tchire lonse lidapsa ndi lupsa, mitengo yangoti njoo yopanda tsamba, pansi phulusa ndi miyala yokhayokha. Pamene njinga zinalephera, tinayamba wapansi, dzuwa likuswa mtengo.

Ndinkayenda pambuyo pawo, monga mtengwa ayenera, maso ali pakhosi pawo pamene thukuta linkachucha. Ndikanatsegula bwanji pakamwa kuuza bambo wa mwamuna wanga kuti avule? Ndinanong'oneza Saide kuti awauze ndiye. Anayesa mwaulemu, koma iwo anayankha kuti malo amene anawasunga amoyo sangawafikire ndi malaya okha ngati munthu wopita kudimba.

"Mana, madzi muli nawo?" Saide anandifunsa, akunditchula ngati mchemwali wake.

Ndinamuonetsa fulasiki. Anangogwira pakamwa n'kuyang'ana kumbali.

Tinafika cha m'ma thwelofu. Phangalo ndi thanthwe lalikulu lopendekeka, ndipo zithunzi zinalipodi, koma sindinaziyang'ane n'komwe. Apongozi anali atasiya kutuluka thukuta, milomo itauma gwa. Anakweza dzanja kuti aloze pamwala, miyendo n'kuwathawa. Anagwa chammbali, maso atatembenuka.

Saide anakhuthula tiyi yense pansi, n'kuthamanga ndi fulasiki kumtsinje wouma kumene ankati anthu amafukula mchenga n'kupeza madzi. Foni inalibe netiweki. Ndinatsala ndekha ndi munthu amene ankapuma ngati nkhuku yothamangitsidwa. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinadziona ndikulowa m'nyumba kukauza mwamuna wanga kuti bambo ake amwalira ine ndikusunga ulemu.

"Bambo, mundikhululukire," ndinatero.

Ndinamasula taye. Ndinawavula jekete, juzi, mpaka malaya, mwaphuma moti batani limodzi linathothoka. Ndinawakokera pamthunzi weniweni, mutu wawo n'kuuika pamwendo panga, ndikuwakupiza ndi chitenje changa. Sindikudziwa kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji. Saide anabwera ndi madzi amatope, tinawathira m'mutu ndi pachifuwa, ena n'kuwadonthezera mkamwa. Anabwereranso kumtsinje kawiri.

Atatsegula maso, anayamba kuona ine. Kenako anadziyang'ana pachifuwa. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Anangotembenuzira nkhope kudenga la phanga, kumene kunali mizere yofiira, timadontho ndi zozungulira zonga malichero, ndipo anaziyang'ana nthawi yaitali ali chigonere pamwendo pangapo. Nanenso m'pamene ndinaziona.

Tinadikira dzuwa lipepe tisanatsike, Saide atawagwira mkono. Kenako tinakwera shapa yobwerera. Nkhawa yanga tsopano inali ina: nkhani ikafika kwa apongozi aakazi ndi alamu anga, ndidzakhala mkazi uja anavula bambo wa mwamuna wake.

Tinafika ku Lichinga usiku, mphepo ija itayambanso. Mwamuna wanga ankatidikira pasiteji. Ataona bambo ake ali ndi malaya amatope osowa batani, jekete lili m'manja mwanga, anafunsa kuti chachitika n'chiyani.

"Kumunsi kukutentha," apongozi anatero. "Ndinavula ndekha."

Anatenga jeketelo kwa ine, koma sanavale. Anandifunditsa pamapewa, pamaso pa anthu onse.

Masiku ano ndikamatsika m'phiri lathu lino ndimayamba kunyamula madzi. Ndipo ndikaona munthu wamkulu akuvutika ndimayankhula msanga, manyazi ndimakachitira kunyumba.