Chaka Chomwe Tinagona pa Chulu

Chikombole chija chilipobe. Chili pakhonde panga kuno ku Balaka, matabwa ake anada bii, ngodya imodzi inadyeka ndi chiswe, ndipo ana anga amasungiramo polishi wa nsapato. Nchoumbira njerwa ziwiri nthawi imodzi. Anabwera nacho pa njinga ndi amalume, kuchokera ku Nkaya kumene ankagulitsa nsomba zouma pasiteshoni, chaka chomwe ndinali mu sitandade folo kwathu kwa Mposa.

Anachitsitsa pabwalo m'chilimwe, fumbi lili koboo, n'kunena kuti, "Achemwali, dzinja lino mugona m'nyumba ya njerwa." Ine ndinavina. Bambo anali ku Joni ndipo za kumeneko sitinkamva kawirikawiri, choncho pakhomo tinalipo awiri, ine ndi amayi, m'kanyumba komata kofolera ndi udzu. Khoma lakum'mawa linali litapendekeka, amayi atalichirikiza ndi mphanda. Mnzanga wa khomo loyandikana nalo ankagona m'nyumba ya njerwa zootcha, ndipo zinkandipweteka mumtima kwambiri.

Dothi labwino la njerwa aliyense amalidziwa, ndi la pachulu. Ife tinali nacho chulu kuseri kwa nyumba, chachikulu zedi, chotalika kuposa denga lathu, pamwamba pake pali mtengo wa bwemba. Kwathu kuja nkwathyathyathya, dziko limangotsetsereka pang'onopang'ono kulowera ku Chilwa, ndiye chulu chathu chinkaonekera kutali. Zulu zinzake zambiri m'mudzimo zinali zitasanduka kale nyumba, pamalo pake patatsala maenje.

Amalume atanyamula khasu kulunjika kuseri, amayi anaima pakanjira.

"Iyayi achimwene, chulu chokhacho ayi. Kumbani pena paliponse."

"Mukufuna khomali likugwereni pamodzi ndi mwana?"

"Khoma likamagwa tithawira panja. Nanga panjapo pakadzaza madzi tithawira kuti?"

Amalume anaseka, ati madzi otani, mvula yake yomwe ikuvuta kubwerayi? Amayi anangoti madzi saiwala khwawa, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Amayi anga sankakweza mawu, koma akati ayi, ngakhale mbuzi zinkadziwa.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndinene poyera kuti amalume sanalakwe. Khoma lija linalidi loopsa, ndipo munthu wopalasa njinga kuchokera ku Nkaya kudzaumbira mlongo wake njerwa ndi munthu wachikondi. Anayesa kukumba kumunsi kwa munda, koma dothi lakumeneko linali la mchenga, njerwa zikauma zinkangofumbutuka m'manja. Anataya mtima, anaponya chikombole pakhonde, nabwerera kwawo atatupa. Ine ndinakhala masiku angapo ndikuyankha amayi ndi mutu wokha.

Kukwiya kwanga kunatha ndi mvula yoyamba. Abale inu, ngumbi za pachulu chija! Amayi ankakumba kadzenje m'mbali mwake, kulowetsamo mphika, kenako kufunditsa malowo ndi udzu ndi masamba a nthochi. Zikayamba kutuluka zinkangogwera mumphika waa, ine ndikutola zopulumuka n'kumaponya mkamwa zaziwisi, mapiko akumatirira pamilomo. Fungo la ngumbi zokazinga ndi kamchere limandibwerera mpaka lero mvula ikangogunda fumbi. Zitatha ngumbi kunabwera bowa, ndipo m'mbali monse mwa chulu amayi anadzalamo maungu omwe anayanga mpaka kukwera mu bwemba. Ndiye ine m'mutu mwanga nkhani inali yachidule: amayi asinthanitsa nyumba ya njerwa ndi ndiwo. Ndinkadya ndithu, koma ndinkawaona ngati munthu wosadziwa malonda.

Panalinso chinthu china chomwe ndinkadabwa nacho. Amayi sankadzala mbewu yonse. Pa mpunga, pa chimanga chocha msanga, pa khobwe, ankapatula gawo, kulimanga m'timapukusi ta nsalu, n'kuika m'thumba limodzi lomwe linkapachikidwa kudenga. Ngakhale ufa uchepe chotani, thumba limenelo silinkakhudzidwa. Zaka zimenezo mvula inali itayamba kale misala yake, kuchedwa kubwera, kudula pakati, kenako kudzakhuthuka yonse pakamodzi. Mbewu ya m'munda ikapita, moyo wathu wa chaka chonse unali m'thumba limenelo.

Chaka chimenecho mvula inakhuthukadi, chimanga chitayamba kumene kukhwima. Inagwa usana ndi usiku osapumira, kusukulu aphunzitsi n'kutiuza kuti tikhale kaye kunyumba. Madzi sanabwere ndi mkokomo ayi. Tinangodzuka m'mawa wina n'kupeza bwalo likunyezimira, nkhuku zili padenga, mtondo ukuyandama pang'onopang'ono kulowera kwa aneba. Amayi sanafuule. Anakwera pampando, anatsitsa thumba la mbewu, analisenza pamutu, n'kundiuza kuti, "Tenga chikombolecho, tsogola."

Chikombole cha chiyani pa nthawi ngati imeneyi? Ndinamvetsa titafika pamwamba. Pachulu ndi pamudzi pa chiswe, thumba ukaliika pansi umalipeza labooka. Amayi anagoneka chikombole, anasanjikapo thumba, analifunditsa pepala la pulasitiki, kenako anatsika kukakoka mbuzi. Anabwereranso kukatenga mphasa, miphika, mbaula ndi nkhuku zomwe zinalola kugwidwa. Pofika masana madzi anali m'chiuno mwa munthu wamkulu, ife tili pouma, pansi pa lona womangirira ku nthambi za bwemba.

Aneba aja a nyumba ya njerwa anabwera madzulo ake, katundu ali pamutu, mnzanga ali pamsana pa bambo ake. Nyumba yawo inali chiimire, yolimba bwino, koma madzi anali atalowa mpaka m'mawindo, ndipo pomwe panali chulu chawo panali dziwe. Ndinkadikira kuti amayi anenapo kanthu, chifukwa anthu amenewa anawasekapo pa nkhani ya njerwa ija. Iwo anangoti, "Kwerani, malo alipo," n'kusuntha mphasa. Kenako kunabwera mabanja enanso awiri ndi mbuzi zawo.

Ndisaname, masiku amenewo ine ndinasangalala koopsa. Sukulu kunalibe, kutunga madzi kunalibe, kusesa kunalibe. Ine ndi mnzanga tinkavuula milamba ndi dengu pamalo pomwe dzana tinkasewera fulaye. Tinkathyola maungu pompo, kuwaphika pambaula ndi nthambi zouma za bwemba, n'kumadya otentha manja akupsa. Njoka nayo inabwera kudzapempha malo, azibambo anaipha, ife n'kukhala ndi nkhani ya tsiku lonse. Mbuzi zinkanunkha, utsi unkatilowa m'maso, zovala sizinkauma, koma madzulo azimayi ankayambitsa nyimbo za kutchalitchi, zina m'Chilomwe cha makolo athu, ndipo mawu ankayenda pamwamba pa madzi mpaka anthu a pachulu china kutali ankatiyankha. Ndinkapemphera chamumtima kuti madzi asaphwe msanga.

Anaphwa ndithu. Chimanga cha m'munda chinali chitagona m'matope, mpunga utakwiririka. Amayi anamasula timapukusi tija, anapatulako pang'ono kupatsa mabanja omwe tinali nawo pachulu, zotsalazo tinadzala m'chinyontho chomwe madzi anasiya. Zinabereka. Sitinalemere, koma chaka chimenecho sitinagone ndi njala. Amalume anabwera msewu utangouma, anayang'ana chulu, anayang'ana mlongo wawo, n'kufunsa kuti nkhwangwa ili kuti. Anatimangira kanyumba kena ka mitengo, ndipo za njerwa sanazitchulenso. Masiku ano ndikamva pawailesi akulengeza za inshuwalansi ya mbewu, ati uzipereka pang'ono nthawi ya mtendere kuti udzapeze pogwira tsoka likagwa, ndimavomereza kuti nzanzeru. Amayi anga ankapereka yawo pogona pafupi ndi khoma lopendekeka dzinja lililonse.

Koma chomwe chimandibwerera kwambiri ndi masana ena tili pachulu pomwepo. Mvula inali itakata, kadzuwa katatuluka, ine nditakwera pamwamba pa bwemba kuonerera dziko lonse litasanduka nyanja. Ndinaona mphanda ija ikusuntha. Khoma lakum'mawa linagwada pang'onopang'ono, denga linatsatira, kenako nyumba yathu yonse inakhala pansi m'madzi kuti phwaa, udzu n'kuyamba kuyandama. Kwa ine zinali zokoma kuonerera. Ndinaomba m'manja n'kukuwa, "Amayi, yagwa! Nyumba yagwa!"

Amayi anali atakhala pathumba la mbewu, pomwe ankakhala masiku onsewo, msana atalozetsa kunyumbako. M'nyumba imeneyo ndi momwe anandiberekera, ndipo khoma lililonse analimata okha ndi manja awo, bambo asanapite ku Joni. Sanatembenuke. Anapitiriza kusenda dzungu lomwe linali pamiyendo pawo, mpeni ukuyenda pang'onopang'ono.

Ine ndinaganiza kuti sanamve, ndiye ndinakuwanso mokweza kuposa poyamba.

"Ndamva, mwanangu," anatero. "Gwiritsa nthambiyo, ungagwe."