Kansalu ka Agogo ndi Ampulifaya ya M'minibasi

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Gervazio Phiri, chimene chimayamba kundifika m'mphuno si utsi wa nkhuni kapena fodya ayi, koma fungo la waya wotentha, losakanikirana ndi fumbi la mwezi wa Okutobala ndi la tiyi wopanda mkaka amene ankangozizira patebulo osakhudzidwa. Nyumba yawo inali ya njerwa zowotcha, kumunsi kwa Mua, kumene dzuwa limaswa mtengo mpaka malata n'kumalira okha. Ndinapita kukakhala nawo ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, patangotha miyezi itatu agogo aakazi, a Nambewe, atamwalira. Amayi anati ndizikawatungira madzi ndi kuwaphikira. Sananene kuti ndizikawayankhulitsa, koma ntchito yaikulu inali imeneyo.

Agogo anali mphunzitsi wopuma, ndipo anatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwathu zaka zambiri. Pamudzipo anali mkamwini. Kwawo kwenikweni kunali kumapiri, ndipo anthu ankayembekezera kuti zamaliro zikatha abwerera, koma iwo sanapite. Mudziwo unali wa akazi awo, choncho mwini wake atachoka, odzacheza anayamba kuchepa. Makutu nawonso ankatseka pang'onopang'ono. Munthu akawayankhula ankangogwedeza mutu n'kumwetulira, ngakhale akuwauza kuti mbuzi zalowa m'munda mwawo. Anthu anatopa nako kukuwa, n'kumangodutsa atakweza dzanja.

Chuma chawo chachikulu chinali wailesi ya kaseti yoyendera batire la galimoto. Inkakhala patebulo la pabalaza, itafundidwa kansalu koyera koluka, ka timaluwa tofiira m'mphepete, kamene a Nambewe analuka ndi manja awo kuti fumbi lisalowe. Kansaluko sikankachoka. Poika kaseti ankangokapinda pang'ono kutsogolo. Tsiku lina ndinakatenga kuti ndikakachape, ndipo agogo, amene sanandikalipirepo chiyambire, anandilanda n'kukhala tsiku lonse osandiyang'ana. Kuyambira pamenepo ndinkakaopa kansaluko kuposa njoka.

Kaseti imene ankaikonda inali imodzi yokha. Anaijambula okha tsiku lina kwaya ikuphunzira nyimbo pakhonde pawo. Folo koloko iliyonse ndikawaikira tiyi, iwo ankaiyatsa. Poyamba ndinkaganiza kuti akufuna nyimbo, koma ndinaona kuti nyimbo yomaliza ikamatha, ndi pamene ankasendeza mpando n'kugunditsa khutu pawailesi. Pamenepo pankamveka mabenchi akukokedwa, wina akutsokomola, kenako chapatali, ngati pakhomo la khitchini, mawu a agogo aakazi: "Aphiri, zimitsani chimenecho, tiyi akuzizira." Kenako kaphwete ka kuseka kwawo, kaseti n'kutha.

Ine ndinkawamva bwinobwino mawuwo. Agogo sankawamva.

"Agogo, akuti muzimitse, tiyi akuzizira!" ndinawakuwira m'khutu tsiku lina, ndikudziona ngati ndathandiza.

"Mawuwo ndikuwadziwa, Rozina," anatero. "Ndikufuna ndimve mwini wake."

Amalume a Fabiano, mwana wawo wamwamuna, atabwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi, anabweretsa masipika awiri akuluakulu, ofika m'chiuno mwanga. Anawalumikiza kuwailesi kuja, n'kujambulitsa nawo chithunzi, patatha masiku atatu n'kubwerera. Akayatsa motsitsa zonse zinkayenda bwino, koma motsitsamo agogo sankamva kanthu. Akangokweza, mawu a kwaya ankasweka ngati nsungwi, fungo la waya lija n'kudzaza pabalaza, wailesi n'kuti zii mpaka itazizira. Tinkabweza kaseti ndi bolopeni posafuna kutha batire, n'kuyesanso, koma zinali zomwezo. Agogo ankadziwa kuti makutu awo sadikira munthu. Mwezi ndi mwezi belu la ku Mishoni linkawatalikira.

Choncho tsiku la msika tinakwera minibasi ya ku Golomoti, sipika imodzi ili m'thumba la feteleza, wailesi nditaibereka kumbuyo ndi chitenje ngati khanda. M'minibasimo nyimbo zinkagunda mpaka mipando kunjenjemera, ndipo agogo anayenda ulendo wonse atakwinya nkhope, akudandaula kuti ana amakono sadziwa kusiyanitsa nyimbo ndi chigayo.

Wokonza mawailesi anali a Saidi, bambo wa kachipewa koyera amene ankagwirira ntchito pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika. Anatembenuza wailesi, anatembenuza sipika, n'kuseka.

"Madala, wailesi yanuyi ilibe mlandu!" anakuwa ataweramira kukhutu kwa agogo. "Onani apa palembedwa eyiti. Pasipika apa palembedwa folo. Nambala ikachepa chonchi, ndiye kuti sipikayo imakoka moto wochuluka. Mwamangirira mbuzi pangolo ya ng'ombe, ndiye ikatopa mukuidabwa?"

Anati njira zinali ziwiri. Pashelefu panali chiwailesi chasiliva chokhala ndi zonse m'mimba mwake, cha mabatani ambirimbiri ndi galasi lowala kutsogolo. Maso a agogo anakakamira pomwepo. Anati choterocho anachionapo pabalaza pa ansembe ali mnyamata, ndipo anachisisita ngati akusisita mwana wa ng'ombe. Koma a Saidi anachitembenuza n'kuloza kumbuyo: eyiti yemweyo.

"Wallahi, ndikulumbira, ndikakugulitsani ichi, sabata yamawa mubwera kudzanditukwana. Chikongola patebulo, koma masipika anuwa achiwotcha chimodzimodzi. Komanso chimafuna magetsi a pakhoma, inu muli ndi batire."

Kenako anasolola pansi pa benchi chitsulo chakuda, chokandikakandika, chamizeremizere pamsana ngati ng'ona. Anati imeneyo ndi ampulifaya, ntchito yake ndi kupatsa masipika mphamvu basi. Wailesi yakale izingozungulitsa kaseti, katundu wolemera azisenza ndi iyoyo. Imadya batire la galimoto mwachindunji, ndipo masipika a folo ndiwo chakudya chake. Anaichotsa m'minibasi ina imene inafera pamsewu.

"M'minibasi?" Agogo anabweza dzanja. "Mkazi wanga anaimbira Mulungu zaka makumi anayi. Lero akayankhulire m'chitsulo cha makondakitala?"

Anayamba kumanga thumba kuti tizipita. Sindidziwa kumene ndinatenga mtima, koma ndinawakoka malaya n'kukuwa pamaso pa anthu onse a pakhondepo: "Koma agogo, nyimbo za m'minibasi muja munazimva!"

Anthu anaseka. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinkadikira mbama. M'malo mwake anatembenukira kwa a Saidi n'kunena kuti, "Kulungani."

A Saidi anatisonyeza malumikizidwe a mawaya kawiri konse. Akuika chitsulocho m'katoni, ataweramira pansi, anawonjezera ndi mawu wamba, osakuwa: "Koma isafundidwe kanthu iyi, imapumira pamsanapa." Agogo anagwedeza mutu n'kumwetulira, monga ankachitira ndi aliyense. Ine ndinadziwa kuti sanamve.

Titafika kunyumba tinalumikiza zonse dzuwa likadali pamwamba. Agogo anaiyang'ana ampulifaya ija patebulo lawo loyera, n'kupukusa mutu chifukwa cha kunyansa kwake. Anaisanjika pamwamba pa wailesi, natenga kansalu ka a Nambewe n'kufunditsa zonse ziwiri, akukonza m'mphepete kuti timaluwa tiyang'ane kutsogolo. Mawu a a Saidi anali pakamwa panga penipeni. Koma ndinakumbukira tsiku la kuchapa lija, ndipo ndinawameza. Ndinapita kukaphika tiyi.

Itakwana folo koloko anayatsa kuyambira pachiyambi, nakweza mpaka kumapeto. Mayo ine! Kwaya yonse inalowa m'nyumba. Nkhuku zinathawa pakhonde, amayi awiri ochokera kumjigo anaima kumpanda ndowa zili pamutu, ndipo agogo, atatsinzina, anayamba kuimbitsa ndi chala ngati anthu awo a kwaya ali patsogolo pawo. Ndinali ndisanawaonepo nkhope yotero. Koma pofika nyimbo yachinayi fungo lija linayamba kutuluka pansi pa kansalu. Ndinaima pakhomo ndikupemphera kuti chitsulocho chipirire pang'ono pokha.

Nyimbo yomaliza inatha. Mabenchi anakokedwa. Wina anatsokomola. Kenako zii.

Agogo anakhalabe chotsinzina, khosi litatambasukira kusipika, akudikira. Sanadziwe kuti chazima ndi chitsulo. Patapita kanthawi anatsegula maso, nagwira makutu onse awiri ndi zikhatho, n'kunena motsitsa, osati kwa ine koma kwa iwo eni: "Basi. Atseka. Ndachedwa."

Mpaka lero mawu amenewo amandipweteka. Ndinathamanga n'kukasolola kansaluko ndi dzanja limodzi, linalo n'kugwira dzanja la agogo n'kuligunditsa pamsana pa ampulifaya. Analibweza msanga, chifukwa inali ngati chiwaya.

"Si makutu anu, agogo!" ndinakuwa ndikulira. "Yatentha! A Saidi anati isafundidwe, inu simunamve, ine ndinaopa kunena!"

Anayang'ana chitsulo, nayang'ana kansalu m'manja mwanga. Anakatenga mosandilanda. Kanali kofunda, ndipo anakagwira patsaya kanthawi, kenako anakapinda kanayi n'kukaika m'thumba la malaya, la pamtima.

"Akanakhalapo akanakachotsa okha," anatero. "Sankakonda zinthu zopsereza."

Ndinaikupiza ampulifaya ija ndi lichero mpaka inazizira. Ndinabweza kaseti pang'ono ndi bolopeni. Tinayatsa. Mabenchi, chifuwa chija, kenako m'nyumba monse, momveka ngati aima pakhomo la khitchini ndi thireyi m'manja: "Aphiri, zimitsani chimenecho, tiyi akuzizira." Ndi kuseka kuja.

"Ndamva, a Nambewe," agogo anayankha. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa, nakoka kapu, n'kumwa tiyi yense ngakhale anali atazizira kalekale. Chibwerere changa m'nyumbamo, kanali koyamba kuwaona akumaliza kapu.

Anawamva mawuwo tsiku lililonse kwa chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Kenako makutu anatsekadi, moti ngakhale chitsulo cha makondakitala chinalephera. Koma folo koloko sinasinthe. Ankayatsa, n'kuika chikhatho pasipika kuti azimva kunjenjemera kwa kwaya, maso ali pa ine. Kunjenjemerako kukatha ankadikira, ndipo a Nambewe akangoyankhula ine ndinkagwedeza mutu. Iwo ankati, "Ndamva," n'kuzimitsa, n'kumwa tiyi.

Kenako ndinasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Ndinasangalala kwambiri, sindingabise, ndipo ndinanyamuka osaganizako n'komwe kuti ndani aziwagwedezera mutu. Amayi ankawatumizira tiyi ndi ana ena, koma anawo ankangoika patebulo n'kuthamangira kosewera. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti madzulo ankapeza kaseti itafika kumapeto yokha, agogo ali chikhalire, dzanja pasipika, kapu ili yodzaza. Anamwalira ndili Fomu 2, teremu isanathe.

Masipika anatenga amalume. Ampulifaya sindidziwa inathera kuti. Kansaluko anakapeza m'thumba la malaya awo, ndipo amayi anandipatsa ine. Kali m'sutikesi mwanga, kopindidwa kanayi momwe anakasiyira, ndipo sindifundira nako kanthu. Lero ndine namwino, ndipo odwala okalamba akandigwedezera mutu n'kumwetulira, sindiwakhulupirira. Ndimawerama n'kubwereza mpaka anene okha zimene ndanena. Koma folo koloko ikandipeza ndekha ndi kapu ya tiyi, ndimadzipeza ndagwedeza mutu m'chipinda mopanda munthu, ngati kuti pena pake agogo akadali chiyang'anire nkhope yanga, kudikira kuti ndiwauze kuti a Nambewe awaitana.